Sociology pa Chichewa nchiyani, nanga banja la m'buku lija ndi lathu?

Funso: Moni akuluakulu. Ndine mtsikana wa chaka choyamba pa koleji ina kuno ku Zomba ndipo tikuphunzira sociology. Buku lathu ndi lachingerezi, lolembedwa ku America, chibuku chachikulu choti sungayende nacho m'chikwama tsiku lonse. Pa holide agogo kwathu ku Dowa anandifunsa kuti kusukuluko ukuphunzira chiyani, ine kusowa chonena ndinangoti za chikhalidwe, iwo nkuti ooo ndiye akukulangani za chinamwali? Kodi sociology pa Chichewa tinganene kuti chiyani? Chachiwiri bukuli likuti kuli nuclear family ndi extended family, ndayesa kumasulira zakanika. Kodi Chichewa chathu nchoperewera, kapena bukulo ndiye lilibe ntchito kwa ife?

Yankho: Zikomo achemwali, funso lanuli landisangalatsa zedi, ndipo agogo anuwo sanalakwe ayi, anamva bwino lomwe zimene munanena. Mau amene munasankhawo ndi amene anakupusitsani.

Tiyambe ndi dzina lenilenilo. Sociology analipeka ndi Mfalansa wina dzina lake Auguste Comte cha m'ma 1838, ndipo anangolumikiza mau awiri a zilankhulo ziwiri zosiyana, socius lachilatini lotanthauza mnzako woyenda naye, ndi logos lachigiriki lomwe limaimira maphunziro. Anthu ena ophunzira a nthawi imeneyo analinyoza kuti ndi dzina losakaniza, koma lero ndani akudandaula? Ndiye musaganize kuti azungu anabadwa nalo dzinali, nawonso anachita kulipanga atasowa chonena, chimodzimodzi inu pamaso pa agogo.

Tsono kwathu kuno tili ndi mneni mmodzi wolemera kwambiri, kukhala. Taonani ana ake. Khalidwe ndi la munthu mmodzi, timati mnyamata uja khalidwe lake ndi loipa. Chikhalidwe ndi cha mtundu wonse, magule, maukwati, maliro, chinamwali, nchifukwa chake agogo anathamangira kumeneko. Ndiye pali kakhalidwe, ndipo ka- ameneyu akakumana ndi -idwe kapena -edwe kumapeto amanena za njira yochitira chinthu, monga kalimidwe, kaphikidwe, kavalidwe, kayendedwe. Ambiri masiku ano, ngakhale pa wailesi, amangosokoneza atatuwa ngati ndi chinthu chimodzi, mumva wina akuti chikhalidwe cha mwana uyu nchoipa, aaa ayi, mwana mmodzi alibe chikhalidwe, ali ndi khalidwe. Zimandipweteka m'makutu zimenezi.

Polemba, ine ndinganene kuti sociology ndi maphunziro a kakhalidwe ka anthu m'magulu awo. Koma kwa agogo musawatopetse ndi zonsezo, auzeni kuti ndikuphunzira mmene anthu amakhalirana. Mau akuti kukhalirana ndimawakonda kwabasi, muli kukhala, muli -ir- wochitira wina, muli -an- wobwezerana, zonse m'mau amodzi, ndipo ndikakuuzani kuti akuposa socius wa Comte uja sindikukokomeza. Pa dzina la phunziro pa timetable, sosholoje palibe vuto, tinalandira kale bayoloje ndi jogalafe ndipo palibe anafa nazo. Kubwereka dzina la chinthu chimene unalibe si tchimo. Chimene ine ndimakana nkubwereka pamene nkhokwe yako ili yodzadza.

Ndipo apa ndi pamene funso lanu lachiwiri likulowera, pamenenso ndikhalitsepo.

Mabuku oyambira a sosholoje amene ndawagwirapo, pafupifupi onse amayamba mutu wa banja ndi chithunzi chimodzi, bambo, mayi, ana awiri, nyumba yawo pawokha. Amenewo ndiwo amawatcha nuclear, kutanthauza phata kapena chimake, ndiye ena onse, agogo, amalume, azakhali, amawatcha extended, ngati khonde lochita kuwonjezera pa nyumba yomangidwa kale. Mukulephera kumasulira osati chifukwa Chichewa nchosauka, koma chifukwa mauwo anabwera atanyamula kale maganizo akuti phata ndi bambo ndi mkazi wake. Kwa Mchewa wa ku Dowa phata si limenelo. Phata ndi mbumba. Mbumba ndi alongo a munthu pamodzi ndi ana awo ndi zidzukulu zobadwa kwa ana aakazi, ndipo woyang'anira ndi mwinimbumba, mlongo wawo wa amayi, amene ife timati amalume kapena atsibweni. Ine ndimakhulupirira ndithu kuti mbumba ndi kuumba nzapachibale, anthu oumbidwa ndi dothi limodzi, ndipo amene akufuna kutsutsa abwere ndi umboni wake.

Ndikuuzeni zimene ndinaona ndi maso. Ndinakulira m'mudzi wa amayi anga ku Dedza, bambo anga anali mkamwini, anamanga nyumba pamalo amene anawaloza apongozi awo ndipo munda umene ankalima unali wa kuchikazi. Tsiku limene anthu anabwera kudzafunsira mbeta mchemwali wanga wamkulu, bambo anakhala pa kampando kawo chapatali pansi pa mtengo wa mango akusoka mphasa, osayankhula kanthu, amene anakhala pa mkeka nkulandira alendo anali amalume amene anachita kuwatumira mwana kukawaitana kutsidya kwa dambo. Ine ndili mwana ndinkaona ngati bambo anyozedwa. Patapita miyezi ingapo tinapita nawo kwawo kumene anabadwira, kunali mlandu wa mwana wa mlongo wawo, ndipo kumeneko bambo anga omwe aja ofatsa ndiwo anali pa mkeka, mau awo ndiwo anatseka nkhani. Munthu mmodzi yemweyo, kuno mkamwini, uko mwinimbumba. Tandiuzani, nuclear ndi extended zikukwana pati pamenepa?

Taonaninso mau athu a chibale mmene amagawira anthu. Mchemwali wa amayi anu si mlendo, ndi amayi aang'ono kapena amayi aakulu, ndipo ana awo ndi abale anu enieni, simungakwatirane. Mchimwene wa bambo anu ndi bambo aang'ono kapena bambo aakulu. Koma mlongo wa amayi ndi amalume, mlongo wa bambo ndi azakhali, ndipo ana a awiriwa ndi asuweni, amene mumaseka nawo nthabwala zoti simungayerekeze kunena kwa mlongo wanu, ndipo kale chisuweni chinkafika mpaka pa ukwati. Chingerezi chimangowaunjika onsewa m'mau atatu, uncle, aunt, cousin, basi. Ndiye ana athu a m'tauni atola zimenezo, aliyense ndi ankolo, aliyense ndi anti, aliyense ndi khazeni, mpaka mwana wa fomu folo osadziwa kuti ankolo amene amamulipirira fizi ndi amalume kapena bambo aang'ono. Izi si zazing'ono ayi, chifukwa tsiku la maliro kapena la chinkhoswe funso limenelo limabwera, ndani ayankhule, ndani akhale nkhoswe, ndipo ankolo sayankha funso limenelo. Apa ndiye ndimakwiya nako kubwereka, tikutaya mau anayi olongosoka nkutola amodzi osalongosoka.

Musaiwalenso kuti si Amalawi onse amene ali a chikamwini. Kumpoto kwa Atumbuka ndi Angoni a ku Mzimba, komanso kwa Asena ku Nsanje ndi Chikwawa, kuli malowolo ndipo ana amawerengedwa kuchimuna. Ngakhale pakati pa Achewa pali chitengwa, pamene mwamuna amapempha kutenga mkazi kupita naye kwawo. Ndiye mnzanu wa m'kalasi wochokera ku Rumphi akanena kuti banja, chithunzi chimene chili m'mutu mwake si chimodzi ndi chanu, ndipo nonse awiri chanu si cha m'bukumo.

Tsono kodi bukulo lilibe ntchito? Ayi, pamenepo sindikuvomerezani. Lili ndi ntchito ndithu ndipo muliwerenge mpaka chikuto chithothoke. Mabuku amenewa amalongosola bwino maganizo a akatswiri oyambirira a phunziroli, Emile Durkheim, Karl Marx ndi Max Weber, amaphunzitsa kafunsidwe ka mafunso pochita kafukufuku, kusiyanitsa zimene wamva ndi zimene wapeza, ndipo koposa zonse amakuzoloweretsa kufunsa kuti chifukwa chiyani pa zinthu zimene unkangoti ndi mmene zilili. Ine ndemwe nkhani ya bambo anga pansi pa mango ija ndinadzaimvetsa bwino nditawerenga mabuku otere ndili wamkulu kale. Pamene amafooka ndi pa zitsanzo, zonse ndi za ku America, magulu a achinyamata a ku Chicago, kusankhana mitundu kwa kumeneko, ndipo zikafika pa anthu owerengera mtundu kuchikazi amangopatsa kandime kamodzi ngati ndi zachilendo zakutali, chonsecho kuno ndi moyo wa anthu mamiliyoni kuyambira ku Kasungu mpaka ku Mulanje, kudutsa ku Chipata ndi Katete mpaka ku Tete.

Ndipo si kuti za kuno sizinafufuzidwe. J. Clyde Mitchell anakhala pakati pa Ayao kummwera kwa dziko lino m'zaka za m'ma 1940, Max Marwick anafufuza Achewa a kummawa kwa Zambia, ndipo Audrey Richards amene anakhala ndi Abemba a ku Zambia ndiye mu 1950 anatcha dongosolo lowerengera mtundu kuchikazili kuti ndi chinthu chozunguza mutu, poti funso lake linali la mmene bambo ndi malume angagawanirane mphamvu pa ana omwewo. Kwa agogo anu palibe chozunguza mutu pamenepo, amadziwa bwino lomwe nkhani imene imapita kwa bambo ndi imene imapita kwa malume. Katswiri wathu wa mbiri Kings Phiri nayenso analembapo za kusintha kwa banja la Achewa. Funsani ku laibulale, mukazipeza muziwerenge pambali pa buku lanulo.

Mau ena amene mukumane nawo posachedwa ndi socialization, ndipo chonde musadzanene kuti kusoshalaiza pamaso panga, poti kwa achinyamata a lero kumeneko ndi kukacheza ku bala. Tili ndi kulera, ndipo tili ndi kulanga. Kulanga ndi mau odabwitsa, anamkungwi akamalanga namwali sakumumenya, akumuphunzitsa mwambo, koma mwana akaba ndiwo mumphika amalangidwanso. Muzu umodzi womwewo watipatsa malangizo, chilangizo, mlangizi, ndi chilango. Buku lanu litenga masamba angapo kufotokoza kuti gulu limaphunzitsa munthu malamulo ake ndipo limamukhaulitsa akawaphwanya, nkuzipatsa mayina awiri osiyana, pamene makolo athu anaona kalekale kuti ziwirizi ndi ntchito imodzi nkuzimanga m'mneni mmodzi.

Chimene chimandidandaulitsa nchakuti ntchito yokonza mau a maphunziro apamwamba m'Chichewa ikuyenda pang'onopang'ono. Chichewa chinasankhidwa kukhala chiyankhulo cha dziko mu 1968, Chichewa Board inakhazikitsidwa mu 1972, kenako mu 1996 kunabwera Centre for Language Studies komweko ku Zomba, koma mpaka lero wophunzira ngati inu mukuchita kudzivutikira nokha pa khonde la agogo. Ndikanakonda aphunzitsi a sosholoje ndi a Chichewa atakhala pansi limodzi nkulemba kabuku kakang'ono ka mau amenewa, ngakhale ka masamba 50 okha.

Pa mayeso lembani nuclear family ndi extended family monga mmene bukulo likufunira, malikisi anu musataye. Pa Chichewa, nuclear ija ingonenani kuti banja la panyumba, kapena bambo, mayi ndi ana awo, zikumveka. Extended ija ndiye musayese kumasulira liwu ndi liwu, ndinaonapo pena atalemba kuti banja lotambasuka ndipo palibe wa kumudzi angadziwe kuti nchiyani chimenecho. Ngati mukunena za akuchikazi nenani mbumba, ngati mukunena onse nenani abale kapena achibale, ngati mukunena za a Phiri kapena a Banda nenani pfuko kapena mfunda.