Mafuta a m'thupi si katundu wongokhala

Funso: Ndili ndi pathupi pa miyezi inayi ndipo ndine wonenepa. Kusikelo andiuza kuti azindiyeza shuga ndi BP pafupipafupi. Kodi kunenepa kukukhudzana bwanji ndi mimba? — Mayi wodandaula

Yankho: Mayi, azambawo akuchita bwino. Mafuta a m'thupi sangokhala phee, amatulutsa mahomoni. Imodzi ndi adiponectin, imene imathandiza insulin, homoni yochepetsa shuga m'magazi, kulowetsa shuga m'maselo. Chodabwitsa n'chakuti mafuta akachuluka, homoniyi imachepa. Komanso nsengwa imatulutsa mahomoni ofooketsa insulin mimba ikamakula, ndiye shuga amatsalira m'magazi. Mwana amalandira shuga ameneyo n'kukula kwambiri, kubereka n'kuvuta. N'chifukwa chake amayeza shuga pakati pa sabata 24 ndi 28.

Homoni ina yochokera m'mafuta ndi leptin, imene inadziwika mu 1994. Imapezeka yochuluka mwa amayi ambiri odwala preeclampsia, matenda amene BP imafika 140/90 kapena kuposa mimba ikadutsa sabata 20.

Chonde musadzimane chakudya kuti muonde panopa, ziyendani tsiku lililonse. Koma mutu ukamapweteka osasiya, maso akamachita chidima, nkhope ndi manja zikatupa mpaka mphete kukana kuvuka, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, musadikire tsiku la sikelo.