Ndatsuka khoma kawiri, zoyera zija zikubwerabe

Funso: Ndinamanga nyumba ya njerwa zootcha ku Nchalo. Mvula ikatha, m'munsi mwa khoma mumatuluka zoyera ngati ufa, penti n'kumasupuka. Ndatsuka kawiri koma zikubwerabe. Chodabwitsa n'chakuti njerwa zina zayera mbuu, zoyandikana nazo zili bwinobwino. Vuto n'chiyani?

Yankho: Bambo, zoyerazo ndi mchere. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje madzi a pansi m'malo ambiri ndi amchere, amene anamwako pa mijigo ina kumeneko akudziwa. Madziwo amakwera m'khoma monga mmene palafini amakwerera chingwe cha nyali, kawirikawiri kufika pafupifupi mita 1. Akauma, mchere umatsala.

Njerwa iliyonse ili ndi timibowo tosaoneka ndi maso, koma chofunika si kuchuluka kwake ayi, ndi mmene talumikizirana. Taonani makande: ali ndi mipata yambiri kuposa mchenga, komabe madzi amadikha pamwamba chifukwa tinjira tolumikiza mipatayo n'topanikizika. Njerwa yosapsa bwino, ija ya m'mphepete mwa uvuni yolira phuu mukaigogoda, tinjira take n'totseguka mbali ndi mbali, ndiye mchere umayenda mosavuta. Yopsa bwino imalira ngwee, timibowo take tambiri tinatsekeka ndi moto. N'chifukwa chake khoma limodzi laoneka mawangamawanga.

Za kubwererako, pali timibowo tina tokhala ngati thumba, khomo limodzi basi. Madzi sadutsamo, koma mchere umalowamo pang'onopang'ono, kutulukanso chimodzimodzi. Mukatsuka mumangochotsa wa pamwamba, wina n'kusungunuka kubwerera m'kati. Wa m'timatumbato umatuluka mwakachetechete nyengo ndi nyengo.

Choncho siyani kuthira madzi. Dikirani khoma liume, mupale ndi burashi yolimba youma, ufawo muusese mukautaye kutali. Kenako fufuzani ngati amisiri anayala DPC, pepala lakuda lija lotchinga chinyezi, pamwamba pa fawundeshoni. Nthawi zina amisiri amayala ndithu, koma eni nyumba n'kudzaunjika dothi la maluwa mpaka kulikwirira, chinyezi n'kumadumphira pamwamba pake. Chotsani dothilo, mukonzenso kakhonde ka simenti kopendekera kunja kuti madzi a padenga asamadikhe pakhoma.

Penti ya mafuta musaiyerekeze. Imatseka timibowo ta kunja, mchere n'kumaumira kuseri kwake mpaka pulasitala kuphulika. Pakani laimu kaye, khoma lizipuma, muone ikadutsa mvula ina.