Funsani Amakanika: Sienta ikuwira pa phiri la Chikwawa, hita ikutulutsa mphepo yozizira

Funso: Amakanika, ndili ndi Toyota Sienta yomwe ndimanyamulira anthu pakati pa Nchalo ndi Blantyre. M'chigwa muno imayenda bwinobwino, koma ndikangodutsa pa Thabwa n'kuyamba kukwera, singano ya geji ya kutentha imathamangira kofiira. Mnzanga anati ndiziyatsa hita kuti injini ipepukidwe, koma ndikayatsa imangouzira mphepo yozizira. Thermostat anachotsamo kale makanika wina, ati kwathu kuno n'kotentha. Madzi ndimathira a pamjigo. Ndigule rediyeta ina? Dalaivala, Nchalo.

Yankho: Achimwene, ndalama ya rediyetayo ikhale kaye m'thumba. Mnzanuyo sananame. Hita ndi karediyeta kakang'ono kobisika kuseri kwa dashibodi. Madzi otentha a mu injini amadutsa mmenemo, fani n'kumauzira kutenthako mkati mwa galimoto. Mukaitsegula mpaka mapeto injini imapumako ndithu, ngakhale apaulendo angakunenereni zambiri mu Okutobala, kunja kukamadutsa madigiri 40.

Koma m'kalata yanu ine chandigwira mtima ndi mphepo yozizirayo. Injini ikuwira, hita ili zii, ndiye kuti madzi sakufikako. Pofufuza tiyambire pomwepo.

M'mawa injini isanalire, tsegulani chivindikiro cha rediyeta. Musangoyang'ana kabotolo ka pambali, kamanamiza: kamatha kukhala kodzadza rediyeta ili pakati. Madzi akachepa, mpweya umakhala m'mapaipi a kumtunda ndipo hita ndiyo imayamba kuuma. Dzadzani, lizani injini chivindikiro chili chotsegula, muyang'ane pakamwa pa rediyeta. Poti thermostat, kachitseko kotsekereza madzi kupita ku rediyeta injini isanatenthe, mulibe, madzi akuyenera kuoneka akuyenda nthawi yomweyo, makamaka wina akapondako mafuta. Akangoti duu, kayikirani pampu ya madzi. Mijigo yambiri ya ku Chikwawa ndi ku Nsanje madzi ake ndi amchere, mwini mukudziwa mmene amakomera, ndipo mcherewo umadya mapiko a pampu mpaka kutsala tizitsa. Pampu yotero imazungulira bwinobwino, lamba ali pompo, koma sikankha kanthu. Mukaona thovu likutuluka osalekeza, imeneyo ndi nkhani ina: gasiketi ya hedi, yomata pakati pa mutu wa injini ndi thunthu lake, yapsa. Onani kunsi kwa chivindikiro cha oyilo ngati kwachita ngati tiyi wamkaka, komanso ngati ku ekizozi kukutuluka utsi woyera injini itatentha kale.

Kenako tsekani chivindikiro, injini itenthe, mugwire mosamala mapaipi awiri ang'onoang'ono olowa kukhoma la kuseri kwa injini. Onse akatentha, madzi akuyenda, vuto ndi kachitseko kosinthira mphepo mkati mwa dashibodi. Imodzi ikatentha inayo ili yofunda chabe, hita yatsekeka ndi dzimbiri, ndipo dziwani kuti timipata ta rediyeta yaikulu natonso tili chimodzimodzi. Nthawi zina mupeza mapaipi awiriwo analumikizidwa okhaokha. Amatero anthu hita ikayamba kudontha n'kumanyowetsa kapeti, ndiye galimoto yogula kwa munthu muziyang'ana zimenezi.

Bwanji imawira pa phiri pokha? Kuchoka pa mlatho wa Kamuzu msewu umakwera mokhotakhota, galimoto yadzadza anthu ndi matumba, injini ikukoka mwamphamvu koma liwiro ndi lochepa, mphepo yolowa kutsogolo n'kuchepanso. Chilema chilichonse chimene chimabisala pa msewu wathyathyathya wa ku Ngabu chimaonekera pamenepo. Walitsani tochi pakati pa rediyeta ndi kondensa ya AC, karediyeta kopyapyala kamene kali kutsogolo kwake. Galimoto za ku Nchalo ndimazipeza zitamatirira phulusa la nzimbe, udzu ndi matope a m'dzinja. Tsukani ndi madzi opanda mphamvu kuchokera mbali ya injini, osati ndi waya. Yatsani AC muone ngati fani ya rediyeta ikuzungulira; ikakana, yambani kuona fyuzi ndi relay yake.

Chivindikiro nacho musachipeputse. Pamwamba pake palembedwa 0.9 kapena 1.1, kusonyeza mphamvu imene chimapanikizira madzi kuti asawire pa madigiri 100 koma cha m'ma 120. Labala wake akang'aluka, madzi amawira msanga n'kuthawira m'kabotolo. N'chotsika mtengo kuposa zonse tatchulazi.

Za thermostat, ine ndi makanika wanuyo tasiyana maganizo. Mu Toyota zambiri imayamba kutseguka pa madigiri 82, ndiye pa phiri imakhala itatseguka kale. Mu injini zambiri imatsekanso kanjira kachidule kobwezera madzi mu injini, choncho ikachotsedwa madzi ena otentha amangozungulira osadutsa mu rediyeta. Bwezeranimo yatsopano, mutsukitse rediyeta ndi hita, muthire coolant, madzi a mankhwala oziziritsa injini. Ngati ndi yofunika kusakaniza, theka coolant theka madzi a distilled aja timathira m'batire, osati a pamjigo.

Pakadali pano singano ikayamba kukwera, zimitsani AC, pezani malo otakasuka muime, mawilo muike miyala. Nthunzi ikatuluka zimitsani injini, ndipo chivindikiro musachikhudze mpaka paipi yaikulu ya pamwamba itazizira moti mutha kuifinya ndi dzanja. Mukayesa za mapaipi awiri aja, mundilemberenso zomwe mwapeza.