Kulipira pang'onopang'ono pa ngozi ya galimoto ku Texas osataya laisensi

Owerenga athu ena a ku Dallas atilembera imelo. Akuti anagunda galimoto ya munthu wina inshuwaransi yawo itatha, ndipo kukonza kwake kukufuna $6,000. Tsopano alandira kalata yochokera ku Department of Public Safety, nthambi ya boma yoona za malaisensi yomwe ambiri amangoti DPS, yonena kuti laisensi iyimitsidwa. Ndalama zonse pakamodzi alibe. Kodi angamalipire pang'onopang'ono n'kumayendetsabe?

Inde achimwene, n'zotheka, koma choyamba yang'anani deti la pa kalatayo. Muli ndi masiku 20 okha oti mukonze zinthu kapena mupemphe kuti akumveni. Akangodutsa, laisensi yaima.

DPS imachita izi ngati pa tsiku la ngozi munalibe inshuwaransi, wina anavulala kapena katundu woonongeka afika $1,000, ndipo zikuoneka kuti khoti likhoza kukupezani olakwa. Chimene akufuna ndi umboni woti mnzanu munamugundira galimotoyo adzalipidwa. Umboni umodzi umene amaulandira ndi fomu ya SR-19, pangano lolipira pang'onopang'ono.

Pa fomuyo mumalemba ndalama zonse, za mwezi uliwonse ndi tsiku loyambira. Musaine pamaso pa notary, munthu wololedwa ndi boma kuchitira umboni kusaina, mutumize ku DPS, kope lina musunge. Ambiri amagwa apa: amagwirizana pa foni, n'kumatumiza ndalama mwezi ndi mwezi, koma osapereka pepala. Kwa DPS, pangano lapakamwa kulibe.

Onetsetsaninso amene mukupangana naye. Ngati kampani ya inshuwaransi ya mnzanuyo yalipira kale kugalaja, ngongole yaikulu ili kwa kampaniyo, mwini galimoto angotsala ndi kachigawo kamene anatulutsa m'thumba mwake. Mukapangana ndi mwiniwake yekha, kampani ibwerabe kudzafuna zake. Imbirani ofesi yawo yotolera ngongole, nambala imakhala pa kalata imene amakutumizirani. Mapangano otere amawadziwa bwino, ndipo nthawi zambiri amafuna kuti muyambe mwaperekako kenakake.

Pa ndalama za pamwezi musachite manyazi. $500 pa miyezi 12 imaoneka bwino pa pepala, koma ngati lendi ikukupanikizani, pemphani $250 pa miyezi 24. Tikutero chifukwa mukangodumphitsa, iwo amadziwitsa DPS kuti mwaphwanya pangano ndipo laisensi imayimitsidwa. Zikatero angakukanireni pangano lachiwiri, n'kupita kukhoti kukafuna ndalama zonse zotsala. Lipirani kudzera kubanki kapena money order, osati ndalama zapamanja, kuti pakhale risiti. Mwezi ukavuta, aimbireni tsiku lisanafike.

Gulani inshuwaransi lero lomwe. Lamulo la ku Texas limafuna yosachepera $30,000 pa munthu mmodzi wovulala, $60,000 pa ngozi imodzi ndi $25,000 pa katundu. Siidzalipira ngozi yapitayi. DPS ikafuna SR-22, imeneyo ndi satifiketi imene kampani yanu imatumiza kutsimikiza kuti muli ndi inshuwaransi, ndipo mukasiya kulipira kampaniyo imawauza.

Ngati laisensi yaima kale, SR-19 igwirabe ntchito, kungoti muwonjezera $100 yoibwezeretsa. Musayendetse mpaka mutaona pa webusaiti ya DPS kuti yatsegulidwa, chifukwa kugwidwa mukuyendetsa ili yoyimitsidwa ndi mlandu wina pawokha. Mukamaliza kulipira, pemphani mnzanuyo kapena kampaniyo asaine SR-11, yosonyeza kuti ngongole yatha, muitumizenso ku DPS.