Gitala ndili nayo, koma akayambitsa kolasi ndimasochera

Mchimwene wina wa ku Zomba wandilembera kuti anagula gitala chaka chatha ndipo makodi ambiri (kodi ndi mawu angapo olira pamodzi mukadina mawaya) anawaphunzira pa YouTube. Koma kutchalitchi amayi akangoyambitsa kolasi, zala zake zimauma gwa. Akufunsa ngati ayambe waphunzira kaye kuwerenga manotsi, zizindikiro zolembera nyimbo papepala.

Achimwene, manotsi si oipa, koma vuto lanu silili pamenepo. Mwakhala mukuimba nokha m'chipinda. Mukalakwitsa mumasiya, n'kuyambiranso. Pagulu nyimbo sidikira munthu. Mukaphonya kodi, anzanu apita kale, ndiye khutu limakakamizika kusaka pomwe afika. Kusakako ndiye kuphunzira kumene mukufunaku.

Pezani anzanu atatu kapena anayi, makamaka okuposani pang'ono, muzikumana kawiri pa sabata. Wina ayambitse nyimbo osatchula kiyi, ndiye kuti liwu limene nyimboyo yakhazikikapo. Inu musathamangire gitala. Ing'ung'udzani kaye mpaka mumve liwu limene nyimbo imapumirapo, lija a kwaya amati "do". Lisakeni pa waya wokhuthala wa pamwamba uja. Mukalipeza pa G, dziwani kuti C ndi D zili pafupi, chifukwa makolasi athu ambiri amazungulira pa makodi atatu: yoyamba (apa ndi G), yachinayi (C) ndi yachisanu (D). Mukasochera, mverani wa besi, osati wotsogolera nyimbo. Besi ndiye amaulula pamene kodi yasintha.

Ine ndinavutika miyezi ingapo chifukwa chongoyang'ana zala za wa kiyibodi. Tsiku lina anandikhazika kumbuyo kwake dala. Ndinakwiya, sindibisa, koma madzulo amenewo m'pamene ndinayamba kumva kuti nyimbo ikamabwerera kwawo pa "do" imadutsira pa kodi yachisanu.

Njira imeneyi si yachilendo kwathu kuno. Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka, amene katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Austria, Gerhard Kubik, anawajambula mu 1967, ankaimba kwela, nyimbo zimene zinachokera ku South Africa. Nyimbozi zinkafala pomvera mbale za galamafoni ndi kuimba ndi anzawo, osati papepala. Anyamata a mabanjo a zigubu amachitabe chimodzimodzi.

Muzijambula pafoni zimene mwaimba, mukamvere kunyumba. Mudzachita manyazi, koma mudzadziwa malo enieni amene mumachedwa kusintha. Ndipo amayi aja akayambitsa kolasi pakati pa G ndi A, poti zimachitika ndithu, musalimbane nawo. Imbani motsitsa, wa kiyibodi awakokere pa kiyi, inu mulowe pa vesi yachiwiri.