Za desiki ya mamendulo ija, mng'ono wanga, ndimvereni kaye

Mng'ono wanga, mwafunsa ngati muvomere kusamutsidwira ku desiki yoona za mamendulo a ulemu a boma la Zambia, ndipo ndaona ena akukuuzani kuti muvomere msanga kusamutsidwako, ati ntchito ya mamendulo ndi yopepuka, mudzangotchena kawiri pa chaka n'kukakhala pamthunzi ku State House. Amene akunena zimenezo sanagwirepo fayilo ya munthu amene anadziponya m'madzi chifukwa cha mwana wa eni. Ine ndinakhalapo pa desiki yotereyi, kulemba ndondomeko, kusefa mayina, kukonza mawu aja amawerengedwa munthu asanavekedwe mendulo, ndipo pali nkhani imodzi imene ikandibwerera tulo timatha. Ndikulemba mtima uli m'mwamba, mundikhululukire ndikamadumphadumpha.

Mwambo umene mumauonera pa kanema wa boma wa ZNBC pa 25 Meyi, tsiku la Africa Freedom Day, ndi pa 24 Okutobala, tsiku la ufulu wathu, ndi kumapeto chabe. Mphamvu yopereka ulemu ndi ya a Pulezidenti, koma iwo sangadziwe mzamba wa ku Chama kapena msodzi wa ku Shang'ombo. Mayina amachokera pansi, kudzera kwa a DC ndi ku zigawo, mpaka kukafika ku komiti yolangiza. Inu mudzakhala pakati pa njirayo, ndipo ntchito yanu idzakhala kunena kuti uyu akuyenera ulemu uti, chifukwa chiyani, umboni wake uli kuti. Order of the Eagle of Zambia ndiye wapamwamba. Companion Order of Freedom ndi wa amene anamenyera ufulu wa 1964. Pali Order of Distinguished Service, palinso ma Insignia a Pulezidenti, monga wa Honour ndi wa Mercy. Amenewa mutha kuwagwira muli pa mpando, chifukwa munthu amene watumikira zaka zambiri amasiya mapepala m'mbuyo mwake. Koma President's Medal for Gallantry, ya kulimba mtima, ndi nkhani ina. Chinthucho chimachitika mphindi zochepa, nthawi zambiri kukomboni kapena kumudzi, popanda wojambula, popanda wolemba, ndipo wochitayo amabwerera kwawo ali chinyowere osadziwa n'komwe kuti kuli ofesi yoganizira zotere.

Wa nkhani yanga ija anali bambo woyendetsa wilibala pamsika, wokhala ku Kanyama, komboni ya mu Lusaka. Mukuwadziwa maenje aja amatsala anthu akakumba miyala, mmene amadzazira mvula ikakula, osadziwikanso pamene pali njira ndi pamene pali dzenje. Ana atatu ochokera kusukulu anaterereka n'kugweramo. Anthu anali m'mbali kukuwa. Iye anasiya wilibala ndi katundu wa mwini, nalowa. Anatulutsa woyamba, anabwerera, anatulutsa wachiwiri, ndipo pa wachitatu anamira naye kanthawi mpaka anthu anayamba kulira maliro a onse awiri, kenako anatulukira atamugwira kolala ya yunifomu. Onse atatu anapulumuka. Iye anamwa madzi oipa aja, ndipo kuyambira pamenepo chifuwa sichinamusiye.

Fayilo yake itafika kwa ine inali kalata imodzi yokha, yolembedwa pamanja pa pepala long'amba m'kope ndi mkulu wa mpingo wawo. Dzina la pa kalatayo linali losiyana ndi la pa NRC, chitupa cha boma chija timati reji, chifukwa reji anatengera dzina la amalume ake amene anamulera. Mafayilo otere ambiri amafera pomwepo, munthu amangolemba kuti umboni ndi wosakwanira n'kuika pansi. Ine sindinathe. Ndinavala magambutsi Loweruka, ndi ndalama yanga ya minibasi, kukafuna amayi a ana aja. Awiri anadinda chala, mmodzi anasayina. Ndinapeza pamene nkhaniyo inalembedwa m'buku la apolisi, ndinapeza khadi lake la kukiliniki, ndinamuperekeza kukalumbira kuti mayina awiriwo ndi a munthu mmodzi. Mawu omuyamikira ndinawalemba ndi kuwalembanso mpaka atakhala oti munthu akawamva aone madziwo. Fayilo inayenda bwino, palibe anatsutsa.

Ndiye bwana wanga wa nthawi imeneyo anandiitana n'kunena kuti dzina ladutsa, imbirani banja likonzeke. Pakamwa pokha, ataimirira pakhomo, makiyi a galimoto ali m'manja. Ndinaimba. Mkazi wake analira pa foni mpaka ndinamva ana akufunsa kuti kwagwanji. Anakatenga kaloba kuti agule suti ya salaula ndi nsapato. Mkaziyo anasoketsa chitenge. Amayi ake a bamboyo, gogo woyenda ndi ndodo, anakwera basi kuchokera ku Katete kudzaona mwana wawo akugwirana chanza ndi mtsogoleri wa dziko.

Madzulo oti mawa ndi mwambo, ndikutsegula mndandanda womaliza, dzina mulibe. Ndinawerenga kuchokera pamwamba, ndinawerenga kuchokera pansi, ndinayang'ana pa dzina la amalume lija, mulibe. Ndinathamangira kwa bwana, ofesi yokiya. Foni yozima. Mnzanga wa pa desiki ina ndiye anandinong'oneza kuti bwanayo anachepetsa mayina asanawatumize pamwamba, ati a mu Lusaka achuluka, zigawo zina zidandaula. Zoti zigawo zonse 10 zioneke pa mndandanda ndi zoona ndipo ine ndimagwirizana nazo. Koma mwa a mu Lusaka onsewo anasankha kuchotsa wa wilibala, n'kusiya ena amene amadya nawo limodzi, anthu oti akanadikira Okutobala kapena Meyi wotsatira osataya kanthu. Ndipo podziwa kuti banja lauzidwa kale, sanandiuze, anangopita kwawo.

Ndinaimba foni ya bambo uja usiku wonse, siinkalowa, kwawo kunalibe magetsi ndipo inali itazima. M'mawa kusanache ndinanyamuka. Ndinawapeza atafika kale pamsewu akudikira minibasi. Mng'ono wanga, komboni yonse inali itawaperekeza. Amayi akuimba nthungululu, anzake a mawilibala atafola, ana atatu aja atavala yunifomu ngakhale linali tsiku la tchuthi, mmodzi atanyamula maluwa a pulasitiki. Iye ali mu suti yomukulira pang'ono m'mapewa, nsapato atazimanga m'mapulasitiki kuopa matope, akutsokomola koma akumwetulira. Atandiona anaganiza kuti ndabwera kudzawatenga. Anavula chipewa.

Sindikumbuka mawu amene ndinayamba nawo. Ndikukumbuka kuti ndinamukokera pambali, kuseri kwa kantemba, ndipo mkazi wake anatitsatira, ndipo nditanena, mkaziyo anangokhala pansi m'matope ndi chitenge chatsopano chija. Gogo uja anabwera pang'onopang'ono ndi ndodo yake, nandigwira dzanja, nandifunsa kuti, "Mwana wanga, kodi walakwa chiyani mnyamatayu kuti boma limukane?" Ndinalibe choyankha. Ndikanati chiyani, kuti sanalakwe, kungoti alibe womudziwa? Bamboyo ndiye anayamba kunditonthoza ine. Anati, "Musalire amayi, anawo ali moyo." Kenako anayang'ana gulu lija limene linali likuimbabe, osadziwa kanthu, ndipo ndinaona nkhope yake ikusintha atazindikira kuti ayenera kubwerera njira yomweyo, mu suti yomweyo, kudutsa pakati pa onsewo. Ena pambuyo pake ankamunena kuti ananama, kunalibe mendulo, ankangofuna kutchuka. Munthu amene anamira chifukwa cha ana awo! Ndipo kaloba ankamudikira.

Tchuthi chitatha ndinapeza kalata pa tebulo langa, yoti ndifotokoze chifukwa chimene ndisalangidwire poulula chinsinsi cha boma kwa anthu akunja. Yosayinidwa ndi yemwe uja anandituma. Nditamukumbutsa, anandiyang'ana m'maso n'kufunsa kuti, "Muli ndi pepala limene ndinalemba?" Ndinalibe. Munthu wamkulu, wa imvi zake, wopemphera kutsogolo Lamlungu lililonse. Mpaka lero ndikamuona pa maliro kapena pa ukwati ndimadzera khomo lina, sindinafike pomupatsa moni ndi mtima woyera, ndipo sindibisa. Chimene chimandiwawa koposa si kalatayo ayi. Bambo uja anamwalira ndi chifuwa chomwecho mwambo wotsatira usanafike, ndipo nditakanena, bwanayo anati basi tidzamupatsa ngati womwalira, zimenezo sizivuta, mkazi adzalandira. Ananena ngati akukamba zosintha tsiku la msonkhano. Ndinapita kwa mayi wamasiyeyo ndi mafomu atsopano, iye anandilandira bwino, anandiphikira tiyi, koma anakana kusayina. Anati mwamuna wake anavala kale suti kamodzi, zakwana.

Muone mmene zimakhalira. Anyamata athu a mpira amene anafera m'nyanja ku Gabon mu Epulo 1993, anthu 30 m'ndege imodzi, agona ku Heroes' Acre pafupi ndi Independence Stadium, ndipo palibe angafunse umboni wa zimene anali. Amene anakatenga chikho cha Africa ku Libreville komweko mu 2012 dziko lonse linawaona. Mama Julia Chikamoneka timawakumbukira chifukwa zionetsero zimene anachita pamaso pa Iain Macleod, nduna ya ku Britain yoona za maiko olamulidwa ndi atsamunda, mu 1960 zinaoneka ndipo zinalembedwa. Onsewa akuyenera ulemu wawo, sindikuchepetsa ngakhale mmodzi. Koma nanga amayi amene ankaphikira ndi kubisa anyamata nthawi ya Cha Cha Cha, kuukira atsamunda kwa mu 1961, amene akutha mmodzimmodzi m'midzi? Nanga amene ankakolopa ndi kunyamula odwala kolera ku National Heroes Stadium kumayambiriro kwa 2024, mayina awo akulemba ndani lero, mboni zikadalipo? Ndondomeko ikangokhala yodikira kuti fomu yodzazidwa bwino m'Chingerezi ifike yokha pa tebulo, ulemu udzapita kwa okhawo amene ali ndi wowalembera. Apa ndiye pali ntchito yanu yeniyeni, osati kusankha mtundu wa riboni.

Ndiye mukandifunsa ine, ntchitoyo ivomereni. Inde, ndi zonse ndanenazi, ivomereni, chifukwa mukaikana adzaikapo wina amene fayilo ya pepala la m'kope adzaiponya pansi osaiwerenga. Koma chilichonse chimene wamkulu wakuuzani pakamwa, bwererani pa kompyuta mumulembere kuti monga mwandiuzira, ndichita chakuti, ndipo musunge kope lanu. Musauze banja lililonse kuti dzina ladutsa kalata yeniyeni yowaitana isanatuluke, ngakhale akutumeni ndani. Musaike mtima pa fayilo, ikani mtima pa malamulo ake, mudzakhalitsa. Komabe pitani mukawaone anthuwo, musaweruze kulimba mtima kwa munthu muli pa Independence Avenue. Kaimeni m'mbali mwa dzenjelo muone kuya kwake, mukhale pa mphasa ndi mboni, muwapatse nambala yanu. Ndipo musawasiye mumdima miyezi ndi miyezi, aimbireni, auzeni pamene nkhani yafika, chifukwa kukhala chete kwa ofesi kumapweteka anthu kuposa kukanidwa.

Adzakufunsani za ndalama, makamaka achikulire omenyera ufulu, ena adzakuuzani maso ndi maso kuti mendulo sadya. Musawakwiyire, akunena za njala yeniyeni, koma musalonjeze chilichonse chimene sichinalembedwe. Adzabweranso a mabanja olemera ndi mabuku athunthu a mbiri ya bambo awo, ena ndi envulopu. Envulopuyo musaikhudze n'komwe, tsiku limene mudzailandire mwagulitsa desiki yonse.

Ndipo poti mukulowa mbali ya ndondomeko, muli ndi mpata umene ine ndinaumenyera osautha. Menyerani kuti dzina limene lavomerezedwa lisachotsedwe ndi munthu mmodzi popanda chifukwa cholembedwa ndi kusayinidwa. Menyerani kuti nkhani za kulimba mtima zikhale ndi njira yakeyake yofulumira, zisapikisane malo ndi za utumiki wa zaka zambiri, chifukwa opulumutsa anzawo nthawi zambiri amatuluka atavulala ndipo sadikira. Mafomu akhalepo m'Chinyanja, Chibemba, Chitonga, Chilozi, Chilunda, Chiluvale ndi Chikaonde, ndipo umboni wa pakamwa wa mfumu kapena wa mboni yosadziwa kulemba ulandiridwe ukalembedwa pamaso pa wolumbiritsa. Kusiyana kwa mayina pa NRC kusakhale chifukwa chophera fayilo, theka la ife a kummawa tili ndi dzina la kunyumba ndi la pa reji. Sabata yanu yoyamba pemphani makiyi a kabati ya mafayilo okanidwa ndi oimitsidwa, muwawerenge onse musanawerenge a amene analandira. Mukafuna kuti ndikuonetseni mmene ndinkalembera mawu oyamikira, ndilembereni ku inbox, pagulu pano sindingaike.