Mwana akufuna sikuta yamagetsi, ndigule?

Funso: Zikomo a Malume, ine ndimakhala ku Leeds, mwana wanga wa zaka 13 wandikakamira kuti ndimugulire sikuta yamagetsi azikwera kuno kwathu, akuti anzake onse ali nazo. Ndigule?

Yankho: Ayi mayi, musagule chonde. Ku UK sikuta yogula nokha siloledwa pamsewu olo m'njira ya oyenda pansi, apolisi amalanda ndithu. Njinga yamagetsi ndiye yololedwa koma wokwera akwane zaka 14, mota isapose 250 watts ndipo izisiya kukankha ikafika 25 km pa ola. Chimandiopsa kwambiri ine ndi batire, zotchipa za pa intaneti zija zimatha kuyaka moto pochaja usiku anthu ali mtulo, ndiye mukadzagula njingayo osachajira pakhomo potulukira. Adikire kaye chaka chamawa.